Marlin Yobwezeredwa M'nyanja Imapindulira Yani ku Bazaruto?

Mwezi wa Sepitembala ukamapita kumapeto, ndege zochokera ku Johannesburg zimayamba kutsitsa alendo amtundu wina pa bwalo la Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Amenewa za kuothera dzuwa pamchenga alibe nazo ntchito. Amatsika atanyamula mipope italiitali yosungiramo ndodo zowedzera, ndipo mtima wawo uli pa nsomba imodzi, black marlin, chinsomba cha mlomo wosongoka chomwe chimayandikira zilumba za Bazaruto m'miyezi yotentha mpaka cha mu Disembala. Mu 1998, m'madzi amenewa munagwidwa marlin ya makilogalamu pafupifupi 590, kutsala pang'ono kufika kulemera kwa matumba a chimanga 12. Kuyambira pamenepo dzina la Bazaruto silichoka pakamwa pa owedza olemera a ku South Africa, ku Ulaya ndi ku America.

Tsiku la mlendo wotere limayamba kusanache. Kuloji amamudzutsa ndi khofi, n'kumukweza boti la injini ziwiri. Kaputeni ndi anyamata ake amalunjika kuseri kwa chilumba, kumene nyanja imayamba kuya mwadzidzidzi. Choyamba amasaka nyambo: amawedza tuna yaing'ono, kuimangirira ku mbedza ikadali yamoyo, boti n'kumaikoka pang'onopang'ono. Pamatha maola popanda chochitika. Marlin ikameza nyambo, mlendo amakhala pampando womangidwira pa boti, lamba ali m'chiuno, ndipo kukokanako kumatha kutenga theka la ola kapena masana onse. Nsomba ikatopa n'kufika m'mbali mwa boti, mnyamata wovala magolovesi amagwira chingwe, mnzake amaibaya pamsana kachizindikiro ka nambala, amachotsa mbedza kapena kudula chingwe, boti limayenda nayo pang'ono kuti ipezenso mphamvu, basi n'kuisiya izipita. Mlendo amabwerera kuloji ndi zithunzi zokhazokha.

Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Msaka atamva zimenezi angagwire pakamwa. Munthu kulipira pa tsiku limodzi ndalama zoti banja lingadyere miyezi, kukha thukuta kuyambira m'mawa, mapeto ake n'kutaya ndiwo m'madzi? Komatu masewerowa ali ndi nzeru yake, ndipo nzeruyo inabwera anthu atapsa kale zala.

Kale owedza amasewera ankapha chilichonse chomwe agwira. Mu Ogasiti 1953, Alfred Glassell wa ku Texas anagwira black marlin ya makilogalamu 707 ku Cabo Blanco, m'dziko la Peru, ndipo mpaka lero bungwe la International Game Fish Association limati palibe wina amene anaposa pamenepo ndi ndodo ndi chingwe. Chinsombacho anachipachika pagombe n'kujambulitsa nacho, ndipo zithunzi za kulimbana kwake zinalowa mu filimu ya The Old Man and the Sea ya mu 1958. Zaka makumi awiri zisanathe, kalabu yotchuka ya pamalopo inali itatsekedwa ndipo zinsomba zija zinali zitasowa. Ambiri amaloza chala zombo za mafakitale zomwe zinkakokolola tinsomba ta anchoveta, pomwe pamayambira chakudya cha nyanja imeneyo. Eni mabizinesi a zowedza anaona okha kuti nsomba ikatha, mlendo sabweranso. Bungwe la The Billfish Foundation, lomwe linayamba mu 1986, ndi limodzi mwa omwe anafalitsa mwambo woika zizindikiro ndi kubweza nsomba m'madzi.

Masamu ake ndi osavuta. Marlin yophedwa imagulitsidwa kamodzi, pamtengo wa nyama. Yamoyo ingathe kukokanso alendo ena chaka chamawa, ndipo mlendo aliyense amalipira ndege, bedi, chakudya, mafuta a boti ndi chiphaso. Ku Bahamas, kafukufuku wa mu 2010 anapeza kuti kuwedza nsomba ya bonefish m'madzi osaya kumabweretsa madola pafupifupi 141 miliyoni pa chaka. Dziko la Belize litaona zofanana, mu 2009 linalamula kuti aliyense wogwira bonefish, permit kapena tarpon aziibweza m'madzi.

Mpaka apa mbali ya maloji ikumveka. Koma pali zinthu ziwiri zimene timabuku tokopa alendo sitikonda kutchula.

Choyamba, nsomba ikasambira kuchoka pa boti, sindiye kuti yapulumuka. Akatswiri a ku Virginia, ku America, anaika timakina totsatira white marlin 40 zitabwezedwa m'madzi. Zonse 20 zogwidwa ndi mbedza zozungulira, zomwe zimakola m'mbali mwa mlomo, zinakhala ndi moyo. Mwa 20 zogwidwa ndi mbedza zowongoka, zomwe nsomba imameza mpaka m'mimba, 7 zinafa. N'chifukwa chake kuyambira mu 2008 dziko la America limakakamiza mbedza zozungulira pa mipikisano ya nsomba zamtunduwu m'nyanja ya Atlantic, pomwe nyambo ili nsomba yeniyeni. Palinso shaki, amene sachedwa kuzindikira nsomba yotopa. Mlendo akaumirira kuti nsomba ikwezedwe m'boti, aifungatire, ajambulitse kasanu, mwayi wake wopulumuka umachepa mphindi iliyonse. Apa ndi pamene pamaonekera kufunika kwa wolondolera alendo. Iyeyo ndiye amasankha mbedza, amadziwa malo omwe shaki zachuluka, ndipo ayenera kulimba mtima n'kuuza bwana wolipira madola kuti, bwana, zithunzi zakwana, nsombayi izipita. Wantchito amene amadalira kangachepe ka mlendo kuti agule ufa sangayankhule motero kawirikawiri.

Chachiwiri ndicho chachikulu. M'zilumbazi mumakhala anthu.

Paki ya Bazaruto inakhazikitsidwa mu 1971, Apwitikizi asanachoke, ndipo mu 2001 inakulitsidwa kufika pa masikweya kilomita 1,430. Ili ndi zilumba zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangue. Pa zilumba zitatu mwa izi pamakhala anthu oposa 5,000, ndipo ambiri moyo wawo ndi nyanja: abambo pa ngalawa za matanga, amayi kutola nkhono ndi nkhanu madzi akaphwera. M'madzi omwewa ndi momwe mwatsala gulu lokhalo lodalirika, kugombe lonse la kum'mawa kwa Africa, la nyama ya m'madzi yodya udzu yotchedwa dugong. Zatsala mazana ochepa chabe, ndipo imodzi ikakodwa mu ukonde imafa chifukwa imayenera kutulukira pamwamba kudzapuma. Choncho malamulo a pakiyo amaletsa matchera ndipo amatseka malo ena kuti pasamasodzedwe. Malamulowa ndi oyenera. Koma wolipira mtengo wake ndi msodzi wa pachilumba, amene amauzidwa kuti apa ayi, ukonde uwu ayi, kwinaku akuona boti loyera la mlendo likudutsa ndi liwiro kupita kumene ngalawa yake ya thanga singafike.

Mu Disembala 2017, boma la Mozambique kudzera ku nthambi yake ya ANAC linasainirana mgwirizano wa zaka 25 ndi bungwe la African Parks, lomwelija limayendetsa Majete, Liwonde ndi Nkhotakota kuno kwathu. Kulondera kwalimba, ndipo lamulo la Mozambique limati gawo la ndalama zomwe paki yatolera lizipita kwa anthu okhala m'deralo. Chenicheni n'chakuti gawolo limachokera pa ndalama zolowera m'paki ndi ziphaso, zomwe ndi kadontho chabe poyerekeza ndi zomwe mlendo amawononga pa ulendo wonse. Ndalama zazikulu, za bedi ndi za boti, nthawi zambiri zimalipiridwa mlendo asanakwere n'komwe ndege, kudzera mwa makampani a maulendo a kunja. Zimene zimafika m'manja mwa mbadwa ndi malipiro a woyala mabedi, wophika, mlonda ndi mnyamata wotsuka boti. Ntchito zimenezi si zonyozeka ayi, ndipo m'dera losauka zimasunga mabanja ambiri. Koma mpando wa kaputeni ndi umwini wa boti ndipo pali ndalama zenizeni, ndipo pamenepo mwana wa pachilumba safikapo mosavuta.

Anthu a ku Bahamas vuto lomweli analiona, ndipo mu 2017 anakhazikitsa malamulo atsopano. Mlendo aliyense wowedza m'madzi osaya azikhala ndi chiphaso. Alendo awiri kapena oposa apo akamagwiritsa ntchito boti, azilemba wolondolera wovomerezeka, ndipo wolondolerayo akhale nzika ya Bahamas. Alendo ena anadandaula kuti boma likuwathamangitsa, ndipo mkangano wake unali waukulu. Komabe mfundo yake ndi yolunjika. Ngati nsomba yamoyo ndi chuma cha dziko, luso loipeza lizigulitsidwa ndi eni dziko. Mozambique singakopere lamuloli lero ndi lero, chifukwa kuyendetsa boti lothamangitsa marlin kumafuna chiphaso cha ukaputeni, Chingerezi cholankhulira ndi mlendo, ndi luso la injini ndi makina oonera pansi pa madzi. Koma zonsezi zimaphunzitsika. Chimene sichiphunzitsika m'kalasi, monga kuwerenga mtundu wa madzi, kayendedwe ka mbalame ndi kusintha kwa mphepo, msodzi wa pa Benguerra anabadwa nacho. Boma lingathe kuika m'chiphaso cha loji iliyonse kuti pakatha zaka zakutizakuti, akaputeni angapo akhale ochokera m'deralo, ndipo chiwerengerocho chizilengezedwa poyera.

Amene amati msodzi angosiya ukonde n'kudalira alendo sanakhalepo pagombe nyengo yoipa. Mu Febuluwale 2007, namondwe Favio anagumula nyumba ku Vilankulo ndi maloji a m'zilumba. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege, mabedi n'kukhala opanda anthu. Mu Febuluwale 2023, namondwe Freddy anatera koyamba ku Mozambique pafupi ndi Vilankulo pomwepa, asanabwerere kunyanja n'kudzalowanso cha ku Quelimane mu Malichi, ulendo umene unathera m'maliro a ku Chilobwe, Phalombe ndi Mulanje. Loji ikatsekedwa, woperekera zakumwa amabwerera ku ngalawa ya abambo ake. Choncho ufulu wosodza ndiwo za pakhomo suyenera kugulitsidwa posinthana ndi ntchito ya nyengo.

Kuno kwathu tili ndi umboni woti anthu amasunga lamulo lomwe ndi lawo. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a m'dera la Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amachokadi pachilumbapo mpaka tsiku lotsegulira. Palibe mlendo wochokera kutali amene anawaphunzitsa kuti nsomba imafunika nthawi yoswana. Amamvera chifukwa amadziwa kuti nsomba zosungidwazo adzakolola ndi iwo omwe. Nayenso msodzi wa ku Bazaruto angateteze marlin ndi dugong ndi mtima wonse atadziwa kuti sukulu ya mwana wake ikulipiridwa ndi nsomba zimenezo.

Ndipo mlendo wa ndodo imodzi asasanduke mdani wamkulu m'nkhaniyi, chifukwa mdaniyo ali kutali ndi gombe. Zombo zosaka tuna m'nyanja ya India zimaponya zingwe za makilomita makumimakumi zokhala ndi mbedza masauzande, ndipo marlin zimakodwa pamenepo osafunidwa n'komwe. Mu 2015, bungwe la Indian Ocean Tuna Commission linalengeza kuti yellowfin tuna ikugwidwa mopyola muyeso. Pamene kampani ya Sasol inkafuna kufufuza gasi pansi pa nyanja kufupi ndi pakiyo, asodzi, eni maloji ndi akatswiri a zachilengedwe anayankhula chimodzi, ndipo mu 2020 kampaniyo inabweza ziphaso za malowo. Pa nkhondo zoterezi loji ndi ngalawa zimafunana. Loji ili ndi maloya ndi mawu omveka ku Maputo, pomwe asodzi ali ndi chiwerengero ndi maso amene amakhala panyanja usana ndi usiku.

Wina anganene kuti boma la dziko losauka lilibe ndalama zophunzitsira akaputeni kapena zobwereketsa magulu a asodzi kuti agule maboti. Mbiri ikukana. Mu 2013, kampani ya boma ya EMATUM inatenga ngongole ya madola 850 miliyoni ponena kuti igule zombo zogwirira tuna. Inali gawo la ngongole zachinsinsi za madola pafupifupi 2 biliyoni zomwe zitaululika mu 2016, IMF ndi maiko opereka thandizo anaimitsa ndalama zawo, ndalama ya dzikolo ya metical n'kugwa. Zombozo zinachita dzimbiri padoko la Maputo zitasodza mosaonekera n'komwe, ndipo yemwe anali nduna ya zachuma nthawi imeneyo, Manuel Chang, khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024. Kachigawo kakang'ono ka ndalama imeneyo kakanakwanira kugulira magulu a asodzi a ku Vilankulo ndi ku Inhassoro maboti awoawo onyamulira alendo, ndi kulipirira sukulu ya ukaputeni ya ana awo kwa zaka zambiri.