Khomo la nchito yosamalira okalamba ku Britain latsekedwa: tisagulitse minda cifukwa ca pepala

Pa zaka zitatu zapitazi, pempho limodzi lakhala likumveka kawirikawiri pa nthawi ya mapemphero m'mipingo yathu: mutikumbukire, mwana wathu ayembekezera viza ya ku Britain. Tapemphera, ndipo ena anapitadi. Ndalama zimene atumiza zalipirira ana sukulu, zagula feteleza, zafolera nyumba ndi malata. Koma lamulo limene linawatsegulira njira linasintha, ndipo mbiri ya kusinthako siinafike bwino m'makomboni ndi m'midzi. Kuyambira pa 22 July 2025, boma la Britain linaleka kupereka viza kwa anthu ali kunja kwa dzikolo amene afuna kukayamba nchito yosamalira okalamba ndi olemala. Comweco aliyense amene lero akuuzani kuti mumlipire akupezereni nchito imeneyi, akugulitsani cinthu cimene kulibe.

Kuti timvetse cifukwa cake khomo latsekedwa, tiyambe ndi mmene linatsegukira. Britain itatuluka mu European Union, kucokera mu January 2021 anthu a ku Poland, Romania ndi maiko ena a ku Ulaya sanalinso ndi ufulu wongolowa ndi kuyamba nchito. Mliri wa Covid-19 unalemetsanso anchito a m'nyumba zosungiramo okalamba, ndipo ambiri anasiya. M'caka ca 2021/22 ku England kunali malo a nchito yosamalira anthu okwana pafupifupi 165,000 opanda munthu. Boma linasowa pogwira, ndipo mu February 2022 linalola kuti anchito otere azicokera kunja. Anthu zikwizikwi a ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi Ghana anapita, ndipo ana athu a mu Zambia anatsatirako.

Kutseka kunadza pang'onopang'ono. M'caka cimodzi cotha mu June 2023, anthu olowa mu Britain anaposa otuluka ndi ciwerengero copitirira 900,000, ndipo nkhaniyi inakhala mkangano waukulu m'ndale. Pa 11 March 2024 boma la Rishi Sunak linaletsa osamalira okalamba atsopano kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Mu April caka comweco, malipiro ocepetsetsa ofunika pa viza ya anchito aluso anakwera kucoka pa mapaundi 26,200 kufika pa 38,700 pacaka. Boma la Keir Starmer litalowa, linalengeza mu May 2025 kuti lidzatseka njira ya osamalira okalamba, ndipo mu July linacitadi. Zipani ziwiri zosiyana zayenda njira imodzi, conco tisadzinamize kuti cisankho cotsatira cidzatsegulanso khomo msanga.

Cifukwa cina cinali nkhanza ndi cinyengo, ndipo apa ndi pamene mpingo uyenera kuchera khutu. Viza imeneyi imamangirira munthu kwa womulemba nchito mmodzi. Kampani ndiyo ipereka cikalata cochedwa Certificate of Sponsorship, ndipo popanda cikalataco kulibe viza. Kampaniyo ikalandidwa laisensi, kapena ikamucotsa nchito, munthu apatsidwa masiku 60 okha kuti apeze kampani ina yomuimira, apo ayi abwerere kwao. Lamulo silimulolanso kulandira thandizo la ndalama limene boma lipatsa osowa. Munthu wotere, amene kumudzi anasiya ngongole ya kaloba ndi munda wogulitsidwa, sangadandaule ngakhale amugwiritse nchito usana ndi usiku kapena amumane malipiro. Ena anafika pa bwalo la ndeke n'kupeza kuti nchito imene analipirira kulibe. Boma la Britain lenilenilo linanena kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda malaisensi opitirira 470 kwa makampani a nchitoyi, ndipo anchito opitirira 39,000 anakhudzidwa. Analakwa ndi makampani ndi maejenti, koma amene anagona ndi njala ndi anchito.

Kodi alendowa anali mtolo ku Britain? Ziwerengero sizionetsa tero. Malo opanda munthu aja anatsika kufika pa 131,000 m'caka ca 2023/24, makamaka cifukwa ca anthu ocokera kunja. Wosamalira okalamba adula msonkho pa malipiro ake, alipira lendi, agula m'masitolo. Wokalamba akapeza womusamalira, atuluka m'cipatala msanga ndipo bedi lipatsidwa wodwala wina; mwana wake nayenso abwerera ku nchito. Otsutsa ali ndi mfundo zao zimene sitiyenera kuzinyoza: nyumba zicepa, lendi ikwera, ndipo malinga ngati anchito ochipa apezeka kunja, malipiro a nchito yolemetsayi sakwera. Koma vuto limenelo lili pa mmene dziko lilipirira cisamaliro ca okalamba ake. Kutseka khomo sikucepetsa ciwerengero ca nkhalamba zofuna kusambitsidwa ndi kudyetsedwa.

Kuno kwathu phindu ndi kutaya zayendera limodzi. Ndalama zabwera, koma ena mwa amene anapita ndi anamwino ndi aphunzitsi ophunzitsidwa ndi msonkho wathu. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika Zambia, pamodzi ndi Malawi ndi Zimbabwe, pa mndandanda wa maiko 55 amene anchito a zaumoyo ndi ocepa kwambiri. Potsatira mndandandawo, malamulo a Britain aletsa makampani ndi maejenti kubwera kudzakopa anchito a zaumoyo m'maiko amenewa. Namwino kapena dokotala angathe kufunsira yekha nchito mwacindunji, ndipo viza ya anthu otere ikalipo. Koma ejenti amene ayenda m'machalichi ndi pa WhatsApp kulemba maina ndi kusonkhetsa ndalama, waphwanya kale malamulowo asanakupatseni pepala lililonse.

Abale athu amene ali kale kumeneko sanathamangitsidwe. Angathe kuonjezera viza yao ndi kusintha kampani, ndipo ena amene ali m'dzikolo pa viza ya mtundu wina aloledwa kulowa nchitoyi mpaka July 2028 akakwaniritsa zofunika. Nkhawa yao yaikulu ndi yakuti boma linanena kuti lifuna kutalikitsa nthawi yoyembekezera cilolezo cokhazikika kucoka pa zaka 5 kufika pa zaka 10. Kwa mai amene anasiya ana kwa ambuye ao, zaka 10 zitanthauza kuti mwana wa giredi 2 adzamaliza sukulu amake ali kutali.

Si Britain yokha imene yalimbitsa zipata. Kuyambira pa 20 August 2025, America inayamba kufuna cikole ca madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa ofunsira viza yoceza kapena ya malonda, ndipo maiko oyamba kuikidwa pa lamuloli anali Zambia ndi Malawi. Ndalamayo ibwezedwa munthu akatuluka m'dzikolo pa nthawi yake. Mipingo imene ituma abusa ndi makwaya ku misonkhano ya kunja iyenera kudziwa kuti nthumwi imodzi ikatsalira kumeneko, ilemetsa njira ya onse obwera m'mbuyo.

Nanga ife ticite ciani? Coyamba, tifunse tisanapereke ndalama, pakuti safunsa anadya phula. Boma la Britain liika pa intaneti, pa gov.uk, maina a makampani onse ololedwa kulemba anthu akunja, ndipo kuona mndandandawo n'kwaulere. Cikalata ca nchito sicigulitsidwa. Wolemba nchito ndiye ayenera kucilipirira. Wacinyamata mmodzi wodziwa foni mu mpingo uliwonse angapulumutse munda wa banja lonse. Caciwiri, abusa ndi akulu a mpingo asalole guwa kukhala polengezera maejenti, ngakhale ejentiyo akhale mkristu mnzathu wopereka cakhumi. Tisalembenso makalata a umboni onena zimene sitidziwa. Bodza pa fomu ya viza lingamutsekere munthu khomo kwa zaka 10, ndipo lidetsa dzina la mpingo. Cacitatu, ticepetse mtolo pa amene ali kunja. Si onse ali bwino monga zithunzi za pa Facebook zionetsera. Wotaya nchito timulimbikitse kufuna uphungu ku Citizens Advice, ku bungwe la anchito, kapena kwa mlangizi wovomerezeka ndi Immigration Advice Authority. Wobwerera manja ali zii timulandire ngati mwana wathu, osati ndi manong'onong'o.

Cotsiriza cikhudza ife eni. Tikamva kuwawa ndi mmene ana athu acitidwira kunja, tikumbukire kuti nafenso tili ndi alendo. Ku Meheba, Mayukwayukwa ndi Mantapala kuli othawa nkhondo amene alima ndi kugulitsa cakudya cimene tidya. Akuluakulu a ku Petauke akumbukira abale a ku Mozambique amene anakhala ku Ukwimi. Koma tikumbukirenso April 2016, pamene mphekesera zinacititsa kuti masitolo a anthu a ku Rwanda afunkhidwe m'makomboni a Lusaka, mpaka ena anathawira m'chalichi. Mau amene ananenedwa masiku amenewo, akuti alendo atilanda malonda, ndi omwewo amene ana athu amva lero ku Britain. Makolo anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo buku la Rute litionetsa mkazi wa ku Moabu amene anayamba ndi kukunkha m'munda wa eni, n'kudzakhala kholo la Davide.

Dziko lililonse lili ndi ufulu woika malamulo pa malire ake, ndipo ife tiphunzitsa kuwamvera. Tipitiriza kupempherera oyembekezera viza. Koma Sondo likudzali, pa nthawi ya zilengezo, tipempha mlembi wa mpingo uliwonse auze anthu momveka kuti viza yatsopano yosamalira okalamba ku Britain kulibenso. Mwina pa benchi ya kumbuyo pali bambo amene wapangana kale ndi wogula munda wake.