Chala cha Mutombo ndi zilankhulo zake

Amene anaonerapo Dikembe Mutombo akusewera basketball amakumbukira chala chake. Akatchinga mpira womwe mdani waponya, ankagwedeza chala cha mkombaphala ngati mayi woletsa mwana kuvundukula mphika. Anasewera zaka 18 mu ligi ya NBA ku America, kuyambira 1991 pamene timu ya Denver Nuggets inamutenga mpaka 2009 ali ku Houston Rockets. Anatchinga mipira 3,289, ndipo amene anamuposa ndi Hakeem Olajuwon yekha, wobadwira ku Nigeria. Chikho cha NBA sanachinyamulepo, ngakhale kuti anafika m'ndime yomaliza mu 2001 ndi mu 2003.

Chomwe sichindisangalatsa, aphunzitsi anzanga, ndi kafotokozedwe ka chiyambi chake. Kawirikawiri timamva kuti mnyamata wa ku Kinshasa anafika pa yunivesite ya Georgetown mu 1987 asakudziwa Chingerezi, nkhani n'kuthera pomwepo, ngati kuti anafika m'kamwa muli mbee. N'zoona kuti Chingerezi chinkamuvuta, moti anayamba walowa kalasi ya alendo ochiphunzira. Koma uyu anali Mluba wokulira mumzinda wolankhula Lingala, amene sukulu anaphunzira m'Chifalansa. Ine ndimaona kuti Chingerezi chinakhazikika msanga chifukwa chinapeza zinzake zilipo kale.

Cholinga chake chinali udokotala. John Thompson, mphunzitsi wa timu ya payunivesitepo, ataona msinkhu wake wa mamita 2.18, anamukokera m'bwalo la masewero. Mu 1991 Mutombo anatenga digiri ya sayansi ya zilankhulo ndi ukazembe, ndipo anadzadziwika kuti amalankhula zilankhulo zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo Tshiluba, Chiswahili, Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Olemba zamasewero digiri imeneyi amangoitchula modutsa, mwina chifukwa siijambulika bwino ngati chala chija.

Ife kulakwitsa komweku timakuchita m'kalasi. Mwana wolankhula Chitumbuka, Chibemba kapena Chisena kunyumba, ndi Chinyanja kumsika, akangopunthwa pa Chingerezi kapena Chipwitikizi timamulemba m'gulu la ofooka. Zilankhulo ziwiri zomwe wabwera nazo sitiziwerengera n'komwe.

Udokotala uja Mutombo sanauiwale. Mu 2007 anatsegula chipatala ku Kinshasa n'kuchipatsa dzina la malemu mayi ake, Biamba Marie Mutombo. Anamwalira ndi khansa ya mu ubongo pa 30 September 2024, ali ndi zaka 58.