Kodi bambo ake a Cinderella adali kuti?

Pali funso limene ana athu salifunsa akamaonera Cinderella pa TV kapena pafoni, ndipo ife akuluakulu sitiwathandiza kulifunsa. Mtsikana akugona paphulusa, akuchapa, akukolopa, akudya makombo, zonsezi m'nyumba ya bambo ake omubereka. Tonse timakwiyira mayi womupeza ndi ana ake awiri aja, ndipo n'zoyenera kutero. Nanga mwini nyumbayo ali kuti? Ine ndikuti munthu ameneyu, amene nthano imamubisa kuseri kwa chitseko, ndiye amene akuphunzitsa ana athu phunziro loipa koposa onse.

Amene adaidziwira nthanoyi m'filimu ya Walt Disney ya mu 1950 ayankha msanga kuti bamboyo adamwalira. N'zoona, filimuyo imamuika m'manda nkhani isadapite patali. Koma buku limene filimuyo idatengamo nkhani silinena choncho. Charles Perrault, mlembi wa ku France amene adasindikiza nthanoyi mu 1697 ndi kuikamo nsapato yagalasi ndi dzungu losanduka ngolo, adamusiya bamboyo ali moyo, akudya ndi kugona m'nyumba momwemo. Perrault akufotokoza kuti mtsikanayo sankayerekeza n'komwe kukadandaula kwa bambo ake, chifukwa akadamukalipira, poti mkazi watsopanoyo ndiye ankamulamulira. Ndi chiganizo chimodzi chokhacho mlandu wa bambo udathetsedwa, ndipo goli lonse lidagwera mkazi.

Ku Germany, pachibale pa Jacob ndi Wilhelm Grimm adatulutsa buku lawo la nthano mu 1812, ndipo adapitiriza kulikonza mpaka kusindikiza komaliza mu 1857. Mwa iwo bamboyu akuonekera kwambiri, koma kuonekera kwake n'kochititsa manyazi. Apita kumsika, agulira ana a mkazi wake zovala zokongola ndi miyala yamtengo wapatali, koma mwana wake amubweretsera kanthambi ka mtengo kamene adapempha, osadzifunsa chifukwa chimene mwana wovala nsanza akupemphera kanthambi m'malo mwa chovala. Mwana wa mfumu atafika ndi nsapato nafunsa ngati m'nyumbamo muli mtsikana wina, amene akukana ndi bambo yemweyo, ati kwangotsala kamtsikana konyentchera kamene malemu mkazi wake adasiya. Pomaliza zilango zigawidwa. Atsikana awiri aja, amene adadzidula wina chala wina chidendene pomvera mayi wawo, nkhunda ziwakolowola maso. Bamboyo palibe nkhunda ndi imodzi yomwe imene idamujompha.

Wina anganene kuti ndasankha nthano imodzi yondikomera. Tiyeni tiitane zinzake zichitire umboni. Mu Hansel ndi Gretel, bambo wodula nkhuni avomera kukataya ana ake m'nkhalango, ndipo achita zimenezi kawiri. Anawo akapulumuka m'manja mwa mfiti nabwerera ndi chuma, apeza mkaziyo atamwalira, ndipo amene akudyerera chumacho ndi bambo yemwe adawataya uja. Mu Rumpelstiltskin, bambo adzitama pamaso pa mfumu kuti mwana wake amatha kupota udzu n'kusanduka golide. Bodza ndi la bambo, koma amene atsekeredwa m'chipinda ndi kuopsezedwa kuti aphedwa kukacha ndi mtsikana, ndipo mphotho yake n'kukwatiwa ndi mfumu yomwe idamuopsezayo. Mu Rapunzel, bambo agwidwa akuba ndiwo zamasamba m'dimba la mfiti, nalipira ndi mwana amene adali asadabadwe. Mu Beauty and the Beast, monga adailembera Jeanne-Marie Leprince de Beaumont mu 1756, bambo athyola duwa, mwana wamkazi napita kukakhala ndi chilombo m'malo mwake. Mu Snow White, mfumu ikwatira mkazi wachiwiri kenaka n'kuzimirira m'nkhani, mwana wake akusakidwa ngati gwape. Nthano 6, abambo 6, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adaitanidwa kubwalo.

Musaganize kuti nthanozi zidagwa kuchokera kumwamba zili chonchi. Zidadutsa m'manja mwa anthu amene ankasankha choti asunge ndi choti achotse. M'buku loyamba la a Grimm, amene ankafuna kupha Snow White adali mayi ake omubereka. Posindikiza kachiwiri mu 1819 adamusandutsa mayi womupeza. Mayi wa Hansel ndi Gretel nayenso adasandulika womupeza m'kusindikiza kwa mu 1840. Alembiwo adaona kuti si bwino kuti ana azimva za mayi wobereka wochita nkhanza, choncho adafunafuna mkazi wina woti asenze tchimolo. Cholembera chidali m'manja mwawo zaka 45, adakonza zambiri, koma sadaone chifukwa chopatsira bambo wa Cinderella ngakhale mawu amodzi opepesa. Ngati iwo adali ndi ufulu wosintha, ifenso tili ndi ufulu wofunsa.

Ndikudziwa zimene ena akunena mumtima. Choyamba, akuti izi ndi nthano chabe, zoseweretsa ana. Koma ndife omwe timati mmera mpoyamba. Agogo athu sankatisonkhanitsa pamoto madzulo chifukwa chosowa chochita. Ankadziwa kuti mwana amene wavomera kuti "tili tonse" watsekula khutu ndi mtima womwe, ndipo chimene chalowa nthawi imeneyo chimakhalitsa kuposa malangizo a masana. Sitinganene kuti nthano ya Kalulu imaphunzitsa, kenaka n'kutembenuka kuti ya Cinderella imangosangalatsa.

Chachiwiri, akuti amayi opeza ankhanza alipodi. Sindikukana. Ku Ulaya wa nthawi ya Perrault amayi ambiri ankamwalira pobereka, amuna ankakwatiranso msanga, ndipo mikangano ya chuma pakati pa ana a mimba ziwiri idali yeniyeni. Kuno kwathunso tidaonapo mwana akumanidwa nsima m'nyumba ya bambo ake. Koma mwana akamaonda, bambo amakhala alibe maso? Nsanza za mwanayo zimaoneka kwa anthu oyandikana nawo okha? Nkhanza ya m'nyumba imafuna anthu awiri, wochita ndi wolekerera. Nthano zimenezi zimatchula woyambayo dzina ndi kumulanga, wachiwiriyo n'kumupatsa mpando pa ukwati wa mwana wake.

Chachitatu, akuti muli atsikana olimba mtima m'nthanozi. N'zoonanso. Ndi Gretel amene akukankhira mfiti m'ng'anjo napulumutsa mlongo wake. Koma taonani amene akulimbana naye: mkazi mnzake, nkhalamba. Pafupifupi nthawi zonse mdani wa mtsikana amakhala wamkazi, kaya ndi mayi womupeza, mbale wansanje kapena mfiti, pamene mwamuna amene adayambitsa mavutowo ali chete pakhonde.

Kodi mwana wamkazi akutolapo chiyani? Akuphunzira kuti kudandaula kwa bambo n'kutaya nthawi, kuti mtsikana wabwino ndi amene amapirira osatsekula pakamwa, ndiponso kuti chipulumutso chidzabwera ndi mwamuna wachilendo, mwamuna amene adavina naye usiku wonse koma akusowa nsapato kuti amuzindikire. Mwana wamwamuna akutola phunziro loopsa kuposa pamenepa. Akuona kuti bambo ndi mlendo m'nyumba mwake: amabweretsa thumba la ufa, amakhala pampando, ndipo za kukhitchini ndi misozi ya ana sizimukhudza. Mnyamata ameneyu ndiye adzakule n'kumayankha aphunzitsi kuti "za mwanayo kafunseni amayi ake."

Nkhaniyi yatifika pakhomo chifukwa nthanozi zidalowa kale m'nyumba zathu. Nkhope za Cinderella ndi Snow White zili pa zikwama zakusukulu, pa madiresi a pakaunjika, pa makeke okumbukira tsiku lobadwa ndi m'mabuku a ku sukulu za mkaka. Ndipo sizidapeze nthaka youma, pakuti nthano zathu zomwe zili ndi mwana wamasiye wozunzidwa ndi mkazi wanjiru wapamitala, mwamuna ali kuulenje. Sindikuloza chala azungu okha.

Palinso munthu wina amene nthanozi zimamulakwira tsiku ndi tsiku. M'zaka zimene Edzi idapulula anthu m'midzi ndi m'matauni mwathu, ana amasiye ambirimbiri adaleredwa ndi akazi amene sadawabereke: agogo, azakhali, amayi aang'ono, ndi amayi opeza. Ambiri a iwo adakhulupirira mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Adagawa ndiwo zochepa mofanana, adagona m'zipatala, adalipira fizi ndi ndalama za geni ya tomato. Koma mkazi wotere amalowa m'banja mlandu utagamulidwa kale. Akadzudzula mwana, akuti ndi nkhanza za womupeza. Akaleka kudzudzula, akuti sasamala poti si wake. Pamene iye akuyenda ngati woponda minga, mwamuna amene adamubweretsa m'nyumbamo palibe akumufunsa kanthu. Lamulo la dziko lino losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limaika udindo wosamalira mwana pa makolo ake, bambo ali momwemo, koma lamulo limafika mochedwa pamene nthano idafika kale mwana ali ndi zaka 5.

Sindikupempha kuti titenthe mabuku kapena kuthimitsa TV. Mwana woletsedwa amakaonera kwa anzake, ndipo kumeneko kulibe womufunsa funso. Ndikupempha chinthu chotheka madzulo ano omwe. Nthano ikatha, musathamangire kunena kuti kagoneni. Funsani kuti: kodi bambo ake adali kuti? Akadachita chiyani tsiku loyamba limene adaona mwana wake atagona paphulusa? Mudzadabwa kuti ana amaweruza molungama kuposa a Grimm. Ndipo pofotokoza nthano, musaope kuikonza, monga ankachitira agogo athu pamene ankasintha mathero malinga ndi mwana amene wapalamula tsikulo. Bamboyo alowe m'khitchini, aone, alankhule.

Mawu anga otsiriza apite kwa inu abambo anzanga, makamaka inu amene mudakwatiranso muli ndi ana. Musadikire kuti mwana abwere kudzadandaula, pakuti mwana amayamba wayeza nkhope ya bambo ake asadatsekule pakamwa, ndipo akaona kuti palibe khutu amabwerera ndi mawu ake. Dziwani amene wadya ndi amene sadadye. Dziwani kumene aliyense amagona ndi chimene amafunda. Musamutayire mkazi wanu ana ngati katundu n'kudzamuweruza zinthu zikavuta. Ndipo nthano ya madzulo muifotokoze ndinu nthawi zina, mwana ali pamwendo panu. Mwana amene wamva nkhani ya Cinderella kuchokera pakamwa pa bambo ake sangakhulupirire msanga kuti abambo onse amakhala kuseri kwa chitseko.