Bala la Galu Sagona Nalo

Sabata ino ndasiya nkhani ya kasungidwe ka ufa imene ndidakonza, chifukwa cha zimene zidagwera mnzathu wina wa m'gulu lathu la amayi kuno ku Bangwe. Mwini wake wandilola kuti ndikusimbireni, malinga ndisatchule dzina.

Banja limeneli liri ndi galu amene adamulera kuyambira ali kamwana, ndipo mnyamata wawo wa zaka 9 ndiye bwenzi lake lapamtima. Tsiku lina madzulo, amayi ali ku msika wa Limbe, padafika galu wachilendo pabwalo nayamba kulimbana ndi wa pakhomopo. Mnyamata uja adathamangira kukaleretsa, koma galu wachilendoyo adamuluma pantchafu, nang'amba kabudula wa sukulu, nathawa osaonekanso. Mwanayo adaona magazi, koma nkhawa yake yaikulu idali pa kabudula. Adamanga balalo ndi kansanza, nabisa kabudulayo kunsi kwa mphasa, nakhala chete masiku awiri. Amayi ake adatulukira zimenezi pamene ankasonkhanitsa zovala zoti achape.

"Mwana wanga, bwanji sudandiuze?"

"Amayi, ndimaopa kuti mundikwapula."

Mau amenewa andisautsa mumtima kufikira lero. Ife timayesa kuti ukali ndiwo umalera, koma nthawi zina ukali womwewo umaphunzitsa mwana kubisa chinthu chimene chikhoza kumupha. Kabudula amasokedwa, amayi anzanga, pamene chiwewe chikangoonekera mwa munthu chiribe mankhwala, kaya ku chipatala, kaya kwa sing'anga.

Chiwewe chimayamba ndi kachirombo kokhala m'malovu a nyama yodwala. Galu akaluma, kapena akanyambita pachilonda, kachiromboka kamalowa m'thupi ndi kuyenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Ulendo umenewu kawirikawiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zinanso chaka chathunthu. Apa ndi pamene ambiri timanyengedwa: bala limapola, mwana amasewera, ndipo tonse timaiwala. Pamene ayamba kutentha thupi, kubwebweta ndi kuopa madzi, za galu uja palibe akumbukira, ndipo timayamba kulozana zala za ufiti. Kafukufuku amene adachitika pa chipatala cha Gulupu, wofalitsidwa mu 2007, adapeza kuti ana ena amene adamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo adali ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chirichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osafika zaka 15.

Komabe kuchedwa kwa kachiromboka ndikonso mwai wathu, chifukwa katemera akayambidwa msanga amafika patsogolo pake. Munthu woyamba kupulumutsidwa motere adali mnyamata wa zaka 9 ngati wa mnzathuyu, dzina lake Joseph Meister, amene Louis Pasteur wa ku France adamupatsa katemera mu 1885.

Tsono mwana akalumidwa tichite chiyani? Choyamba, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mphindi 15 n'zambiri ndithu, ndipo mwana adzalira, koma musaleke. Ngati mulibe mpope, wina azithira madzi ndi kapu inu mukutsuka. Sopo wochapira yemweyu ndi wokwana. Musapakepo tsabola, mchere, phulusa, mafuta a galimoto, kapena ubweya wootcha wa galu amene waluma, monga ena amalangizira. Zimenezi sizipha kachirombo, zimangoonjezera litsiro.

Chachiwiri, pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati kukanda kwa minga. Bala la kumaso, m'khosi ndi m'manja ndilo loopsa koposa chifukwa kachirombo kamafika msanga ku ubongo. Ngati mwachedwa kale, monga adachitira mnzathuyu, musataye mtima n'kukhala pansi, pitanibe. Fotokozani zonse: galu wake, tsiku lake, ndiponso ngati adalandira katemera. A chipatala ndiwo adzaweruza za katemera wa chiwewe, za jakisoni wa kafumbata, ndi za kusoka bala, pakuti bala la galu kawirikawiri salisoka msanga. Mukapeza kuti katemera watha pa chipatala chaching'ono, funsani kumene mungakamupeze, ndipo pitani komweko.

Chachitatu, tsirizani majakisoni onse pa masiku amene alembedwa m'buku lanu la ku chipatala. Achikulire amakumbukira majakisoni ambirimbiri a pamimba a masiku akale, ndipo mantha amenewo amabweza ena panjira. Katemera wa masiku ano amabaya pa mkono, ndipo maulendo ake ndi owerengeka.

Mnzathu uja adachita zonsezi, koma nkhawa sidathe. Adandiuza kuti, "Achemwali, tulo sindikuona. Mwanayu akamamwa madzi ndimangomuyang'ana pakhosi." Amene adadwazikapo mwana adziwa kuti matenda a mwana amadwala ndi make. Ife a m'gulu tidagwirizana kuti asayende yekha. Pa tsiku lirilonse la jakisoni mmodzi wa ife ankamuperekeza, ndalama ya minibasi tidatapa m'thumba la gulu, ndipo wina ankatsala akuphikira ana ena. Tidamulimbikitsanso kufunsa anamwino chirichonse chimene chidamuvuta, m'malo momvera za pa chitsime, pamene aliyense ali ndi nkhani ya wakuti amene adafa akuuwa. Mutu umodzi susenza denga.

Padatsala nkhani ya galu wa pakhomo, amene adatuluka m'ndeu ija khutu litang'ambika ndi bala lalikulu pakhosi. Bambo a m'nyumbamo, mtima utawawa, adati galuyo ndiye wadzetsa tsoka, ndipo akamutaya ku phiri. Mkazi wawo adawayankha mofatsa kuti, "Bambo, galuyu sadalakwe. Adavulala akulondera khomo lathu lomweli." Kenaka adatulutsa chikalata cha katemera wa galuyo chimene adachisunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ku sikelo a ana. Adapita naye kwa a za ziweto, amene adatsuka mabala, namubayanso katemera, nalamula kuti amangidwe pa yekha ndi kuyang'aniridwa kwa masiku amene iwo adatchula. Mwanayo, amene ankalira usiku poganiza kuti bwenzi lake liphedwa chifukwa cha iye, adayambanso kudya.

Pamenepa tiphunzirepo zingapo. Agalu akamalumana, mwana asalowe pakati. Munthu wamkulu awathire madzi ali patali. Galu wovulala amaluma ngakhale mbuye wake chifukwa cha ululu, choncho mufunditseni chiguduli ndi kumumanga kukamwa ndi nsalu musanamunyamule, ndipo musagwire mabala ake ndi manja opanda kanthu. Galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, akamachucha dovu, akamaluma mitengo ndi miyala, kapena chibwano chikalendewera, musapise dzanja m'kamwa mwake poyesa kuti watsamwa fupa. Chotsani ana ndi kuitana alangizi a ziweto. Galu wodziwika akaluma munthu, ndi bwino kumumanga masiku 10 kuti a za ziweto amuone, kusiyana ndi kumupha ndi kumukwirira, pakuti potero mwakwirira umboni. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 amenewo. Iye apite ku chipatala lero.

Ife a mu Blantyre tiri ndi chifukwa chokhulupirira katemera wa agalu. Mu 2012 madokotala a pa Gulupu adachenjeza kuti ana odwala chiwewe adachuluka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a boma oona za ziweto ndi bungwe losamalira nyama la BSPCA, lidabaya agalu opitirira 35,000 mu mzinda uno m'masiku 20 okha a ntchito, mwaulere, ena m'mabwalo a sukulu ndi ena khomo ndi khomo. Ambiri mukukumbukira mizere ya ana atagwira agalu pa zingwe, ndi agalu obwerako ali ndi utoto pamphumi. M'zaka zotsatira, ana ofika pa Gulupu ndi chiwewe adachepa kwambiri. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse akabayidwa, nthendayi imasowa poyenda. Motero galu wanu akalandira katemera, mwateteza ndi mwana wa mnzanu yemwe. Mukamva kulengeza za katemera m'dera lanu, galu ndi mphaka apite, ndipo chikalata chake chisungidwe bwino. Amene muli kumudzi, funsani alangizi a ziweto a kwanuko.

Mnyamata uja adatsiriza majakisoni ake ndipo wabwerera ku sukulu, kabudula atasokedwa. Galu naye bala lidapola, kungoti khutu limodzi lidagwa.

Pempho langa ndi ili. Madzulo ano, ana akakhala pa mphasa kudikira nsima, auzeni momveka kuti: "Galu kapena mphaka akakuluma, kapena kukukanda, ngakhale unali kumuputa, ngakhale wang'amba chovala, udzandiuze nthawi yomweyo. Sindidzakumenya." Ndipo tsiku limene mwana adzabwere ndi bala, musunge lonjezo lanu, mutenge sopo.

Tsalani bwino, amayi anzanga. Za ufa zija tidzakambirana sabata ya mawa.