Zochezera Madzulo: Nyimbo za Psychedelic Rock ndi Zidzukulu Zache



Sabata yatha anadza kwa ine bambo wina wa m'mudzi mwathu, nkhope iri yakugwa, nati: "Aphunzitsi, mwana wanga wamwamuna salekana ndi lamya yache ya m'manja. Usiku amvera nyimbo zimene ine sindizidziwa mutu wache. Magitala alira ngati njuchi za m'mphako, mau a woimba amveka ngati achokera m'phanga, ndipo nyimbo imodzi siitha msanga. Ati dzina lache ndi psychedelic rock. Mnansi wanga wandiuza kuti zimenezi ndi nyimbo za anthu a chamba. Kodi ndimlande lamyayo?" Ine ndinampempha kuti ayambe wadikira, pakuti safunsa anadya phula. Tsono popeza funso lache liri m'mitima ya makolo ambiri, ndati ndiliyankhe pano, kuti tonse timve kumene nyimbozi zinachokera, chokoma chiri m'menemo, ndi choopsa chache.

Kumene dzinali linachokera

Mau akuti psychedelic anawapanga mu 1956 sing'anga wa ku England, Humphry Osmond, amene anali kugwira nchito ku Canada. Analumikiza mau awiri a Chigriki: loyamba litanthauza mzimu kapena maganizo a munthu, lachiwiri litanthauza kuonetsa poyera. Iye sanali kunena za nyimbo ai, koma za mankhwala. Pakuti mu 1938, mu mzinda wa Basel ku Switzerland, Albert Hofmann anapanga mankhwala otchedwa LSD, ndipo mu 1943 anazindikira mphamvu yache: kadontho kokha kasokoneza maso ndi makutu, kotero kuti munthu aona zipupa zirikuyenda, ndipo mphindi imodzi ikhala ngati tsiku. Poyamba mankhwalawo anali m'manja mwa asing'anga, koma pofika 1965 anali atafalikira kwa anyamata ndi atsikana a ku America ndi ku England. Oimba ena, atawalawa, anafuna kuti zoimbira zao zimveketse m'khutu chimene mutu wao unaona. Mu 1966 gulu la ku Austin, Texas, lotchedwa The 13th Floor Elevators, linalemba mau aja pa chikuto cha mbale yao ya galamafoni, ndipo dzinalo linakhazikika. Kotero mnansi uja sananame; koma ananena theka lokha la nkhani.

Luso la amisiri

Theka linalo ndilo luso, ndipo liri panai.

Choyamba, anaphunzira kwa Amwenye. George Harrison, wa gulu la The Beatles la ku Liverpool, anaimba mu 1965 choimbira cha zingwe zambiri cha ku India chotchedwa sitar, ndipo mu 1966 anakaphunzira kwa katswiri wache, Ravi Shankar. M'nyimbo za ku India muli liu limodzi long'ung'udza pansi kosalekeza, ndipo mau ena onse akwera ndi kutsika pamwamba pache. Azungu anazolowera kusinthasintha. Ichi cha kukhazikika pa liu limodzi chinali chachilendo kwa iwo.

Chachiwiri, anasewera ndi tepi yojambulira mau. Mu 1966, pokonza nyimbo yotchedwa "Tomorrow Never Knows" ku London, The Beatles anadula tizidutswa ta tepi, nalumikiza nsonga ndi nsonga ngati chibangiri, kuti mau omwewo azizungulira osatha. Pena anayendetsa tepi chobwerera m'mbuyo, kotero kuti gitala ayamba ndi mchira natsiriza ndi mutu.

Chachitatu, anadetsa dala mau a gitala wa magetsi. Panali kabokosi kopondereza ndi phazi, kotchedwa fuzz, kamene kachititsa mau kunjenjemera ndi kusasa. Inu amene munaona ulimba mudziwa kuti wokonza aboola zikasi, namata pabowopo nembanemba ya kangaude, kuti mau azituluka ndi kanthetemya. Akafuna mau oyera mbee sakadabvutika chotero. Chimene mmisiri wa ulimba achita ndi kangaude, Jimi Hendrix wa ku Seattle anachichita ndi magetsi, nachipitiriza kufikira gitala wache analira ngati mphepo ya mkuntho.

Chachinai, anatalikitsa nyimbo. Masiku amenewo nyimbo ya pa wailesi inali ya mphindi ngati zitatu. Koma gulu la Grateful Dead, ku San Francisco, linali kuimba nyimbo imodzi mphindi 20 kapena kupitirira, oimba akumverana ndi kuyankhana pomwepo, monga achita oimba ng'oma gule akafika pakati.

Chaka cha 1967 ndicho chinali cha masika. M'menemo munatuluka mbale ya The Beatles yotchedwa Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, mbale yoyamba ya Hendrix, ndi mbale yoyamba ya Pink Floyd. Mu Ogasiti 1969 anthu ngati 400,000 anasonkhana pa munda wina ku chigawo cha New York, pa chikondwerero cha Woodstock, nakhala masiku atatu pamatope kumvera nyimbo.

Mtengo umene analipira

Koma akulu anati: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boma la California linaletsa LSD pa 6 Okutobala 1966, koma achinyamata zikwizikwi anathamangirabe ku San Francisco, ku malo otchedwa Haight-Ashbury, kukafuna mtendere ndi chikondi. George Harrison mwini anakaonako mu Ogasiti 1967. M'malo mwa anthu ounikiridwa amene anayembekeza, anapeza ana othawa kwao, osokonezeka ndi mankhwala. Ndipo kuyambira pamenepo analeka LSD.

Ena sanaleke msanga. Syd Barrett, amene anapeka pafupifupi nyimbo zonse za m'mbale yoyamba ya Pink Floyd, anamwa mankhwalawo kawirikawiri, ndipo mutu wache unasokonezeka, kotero kuti pena anali kuima pamaso pa anthu, gitala ali m'manja, osaimba kanthu. Mu 1968 anzache anamsiya. Pambuyo pache anabwerera kwao ku Cambridge, nakhala kwa yekha zaka zambiri kufikira imfa yache mu 2006. Roky Erickson, woimba wa gulu lija la ku Texas, anatsekeredwa m'chipatala cha odwala misala kuyambira 1969 kufikira 1972. Ndipo kumene kwalowa mankhwala amodzi, ena atsatira. Hendrix anafa ku London mu Sepitembala 1970, atamwa mankhwala ogonetsa ochuluka. Janis Joplin anafa mwezi wotsatira ndi heroin. Jim Morrison, wa gulu la The Doors, munthu womwa mowa kwambiri, anafa ku Paris mu 1971. Onse atatu anali ndi zaka 27. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

M'mene zinafikira ku Zambia

Nyimbozi sizinatsalire kutsidya kwa nyanja. M'mizinda ya migodi ya kopa ku Zambia, ndi ku Lusaka, anyamata anamva mbale za Hendrix, nagula magitala ndi timabokosi tija, nasakaniza kaimbidwe kameneko ndi kagundidwe ka kwao. Anthu anazitcha Zamrock. Ku Kitwe kunali gulu la WITCH, woimba wache Emmanuel "Jagari" Chanda, kunalinso Amanaz, amene anatulutsa mbale yotchedwa Africa mu 1975; m'dzikomo munalinso Musi-O-Tunya, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene nyimbo zache zina anaziimba m'Chinyanja. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 ziri zonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo oimba anapeza msika.

Koma mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinasowa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 matenda a Edzi anatenga ambiri a iwo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari Chanda anatsala, nasiya kuimba m'mabwalo, nakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja lache. Mbale zao zinagona m'mabokosi ndi pfumbi, ndipo anthu anayesa kuti nkhani yatha.

Zidzukulu za lero

Mbeu yogona pansi idikira mvula. Nyimbo zimene mnyamata wathu amvera usiku ndizo zidzukulu za zimene ndafotokozazi.

Ku Perth, m'dziko la Australia, Kevin Parker anayamba nchito imene aitcha Tame Impala. Mbale zache, Innerspeaker ya 2010, Lonerism ya 2012 ndi Currents ya 2015, zamveka m'maiko onse. Omva ayesa kuti ndi gulu lalikuru, koma pojambula iye aimba pafupifupi zonse yekha: ayamba ng'oma, naikapo gitala, naikaponso mau ache, kusanjikiza chimodzi pa chinzache monga wofolera nyumba asanja udzu. Mau ache ofewa, omveka ngati akutali, akumbutsa a John Lennon a mu 1966.

Ku Melbourne kuli gulu la King Gizzard & the Lizard Wizard, limene linatulutsa mbale zisanu m'chaka chimodzi cha 2017. Pa imodzi ya izo anaonjezera tizitsulo pa khosi la gitala, kuti apeze mau okhala pakati pa mau a masiku onse, monga achita oimba a ku Turkey. Apa muona kuti mwambo wa Harrison, wopita kukaphunzira kwa anthu a mtundu wina, ukali moyo. Ku Austin, kwao kwa Roky Erickson, gulu la The Black Angels linayambitsa mu 2008 chikondwerero cha nyimbo za mtundu umenewu, chimene pambuyo pache chinatchedwa Levitation.

Ndipo taonani chodabwitsa. Anthu a ku America ndi ku Ulaya anapeza mbale zakale za Zamrock, nazisindikizanso. Jagari Chanda, ali ndi imvi, anaitanidwa kukaimba m'maiko akutali pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana ache, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa mbale yatsopano yotchedwa Zango, itakhala chete zaka pafupifupi 40. Mu 2024 woimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977, nachiika m'nyimbo yache yotchedwa "Noid". Kotero mau a Chinyanja amene anaimbidwa ku Zambia anamveka m'makutu a anthu miyandamiyanda osadziwa chilankhulo chathu. Chimene chinabwera kwa ife ngati mlendo chabwerera kwao chitasenza kamba wa kuno.

Yankho langa kwa bambo uja

Sindikuuzani kuti oimba onse a lero ndi oyera. Ena akali kuyamikira mankhwala poyera, ndipo mnyamata wopanda womlangiza angayese kuti luso lichokera m'menemo. Apa ndipo pali bodza loyenera kulizula. Nyimbo ija ya "Tomorrow Never Knows" inafuna manja osanjenjemera a amisiri awiri, George Martin ndi Geoff Emerick, mnyamata wa zaka 20. Hendrix anasewera gitala kuyambira ubwana wache, naimbira magulu a anthu ena zaka zingapo asanadziwike. Mbale zisanu sizituluka m'chaka chimodzi mwa anthu ogona. Luso linadza ndi thukuta, ndipo ndilo latsala kufikira lero. Mankhwala anangochotsa anthu aluso nthawi yao isanakwane.

Chifukwa chache ndinati kwa bamboyo: "Musamlande lamya, pakuti mukatero adzamvera kwa anzache mobisala, ndipo inu simudzadziwanso chimene amva, kapena amene akhala nao." Makamaka khalani naye pakhonde madzulo, mumuuze aike nyimbo imodzi mumvere nonse. Mumfunse woimbayo ndani, ndi mau ache atanthauzanji. Akalephera kuyankha, akafufuze. Mumsimbire za Syd Barrett ndi za Jagari Chanda, ndi kumfunsa kuti mwa awiriwo afuna kukalamba ngati uti. Muike ola lozimitsa lamya, kuti m'mawa adzukire kumunda kapena kusukulu. Koposa zonse mupenye anzache ndi maso ache. Pakuti mdani wa ana athu sali ku San Francisco, koma ali pafupi, m'ndudu ya chamba ndi m'botolo la kachasu. Nzeru za m'mutu ndi mphatso ya Mulungu, ndipo munthu sazisinthanitsa ndi maloto a usiku umodzi.

Ndipo ngati mnyamatayo akondadi kulira kwa zingwe, mumpatse chigubu, thabwa ndi mawaya, akonze gitala wache. Zala zikayamba kuchita matuza, adzazindikira yekha kumene nyimbo zichokera.

Tsalani bwino, abale anga; tidzachezanso mwezi wa mawa.