SUPU YA NYEMBA M'NYENGO YOZIZIRA: SOSEJI IKHALE MLENDO CABE

Mwezi wa June ukafika, mphepo ya m'mawa ndi ya madzulo imalowa mpaka m'mafupa. M'makomboni a Chipata, kaya ndi ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, ana amabwera kucokera ku sukulu milomo itang'ambika, ndipo aliyense amafuna kanthu kotentha m'mimba. Cimodzi mwa zakudya zoyenera nyengo imeneyi ndi supu ya nyemba yophikira pamodzi ndi soseji. Si supu yamadzi-madzi yongosunsira nsima ai, koma yolimba, yakuti munthu akadya mbale imodzi akhuta.

Cakudya cimeneci ndi cabwino, koma ubwino wake wagona pa funso limodzi: kodi mu mphikamo mwini nyumba ndani? Yankho la umoyo ndi lakuti nyemba ndizo mwini nyumba. Soseji ndi mlendo cabe, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Anthu ena a m'tauni amanyoza nyemba kuti ndi ndiwo za ku ndende kapena za ana a sukulu yogonera komweko. Kumeneko ndi kulakwa. Magalamu 100 a nyemba zouma ali ndi magalamu oposa 20 a cakudya comanga thupi. Mulinso zoonjezera magazi, zimene amai apakati ndi ana amazifuna kwambiri. Nyemba zimakhalitsa m'mimba, sizikweza shuga msanga, ndiponso zimathandiza munthu kupita ku cimbudzi mosabvuta. Cina n'cakuti m'miyezi yozizira nyemba zatsopano zimakhala zafika pa msika: kabulangeti, za ku Lundazi ndi za ku Solwezi. Kandolo, maungu ndi repu nazonso zimakhala mbwee.

Nanga soseji yalakwanji? Kukoma imakoma ndithu, ndipo fungo lake limaitana ngakhale mwana wokana cakudya. Bvuto lake ndi mcere ndi mafuta. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 a mcere pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi. Koma soseji zambiri zili ndi mcere pafupi-fupi magalamu 2 pa magalamu 100 alionse. Tsono bambo amene wadya yekha kota ya kilo watsiriza kale mcere wa tsiku lonse, asanalawe n'komwe ndiwo zina.

Mcere wambiri umakweza BP, ndipo kuzizira nakonso kumaikweza cifukwa mitsempha ya magazi imafinyika. BP ndi matenda oyenda mwakacetecete. Ena amadzadziwa kuti anali nayo tsiku limene dzanja ndi mwendo zafa mbali imodzi, pakamwa papotoka. Ngati munthuyo ndiye anali kudyetsa banja, nyumba yonse imagwa naye pamodzi.

Palinso cina. Mu 2015 akatswiri a khansa a WHO anaika nyama zokonzedwa monga soseji ndi poloni m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Iwo anapeza kuti kudya magalamu 50 a nyama zotere tsiku ndi tsiku kumaonjezera ngozi ya khansayi ndi 18 peresenti. Izi sizitanthauza kuti soseji ya tsiku limodzi ipha munthu. Coipa ndi cizolowezi.

Ena anganene kuti ngati ndi tero, bwanji osailetseratu? Koma lamulo limene banja silingasunge lilibe phindu. Nzeru ndi kucepetsa. Kota ya kilo imene ikanathera bambo mmodzi ikadulidwa tizidutswa ting'ono-ting'ono ndi kulowa mu mphika wa anthu 6, aliyense amalawako, ndipo mcere umene amalandira kucokera ku sosejiyo sufika galamu imodzi.

Kaphikidwe kake ndi aka. Wophika asankhe makapu 2 a nyemba zouma, azitsuke, ndi kuzibviika m'madzi usiku wonse. M'mawa ataye madziwo ndi kuthira atsopano. Kubviika kumacepetsa mpweya wa m'mimba umene anthu amadandaula nao, ndiponso kumapulumutsa malasha. Nyembazo zibwate mwamphamvu kwa mphindi 10 poyamba, cifukwa nyemba zosapsa, maka-maka zofiira, zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Pambuyo pake zipse pa moto wocepa mpaka zifewe. Soda asaikemo, pakuti amaononga mavitamini.

Pa mbali, akazinge tizidutswa ta soseji popanda saladi, cifukwa soseji imatulutsa mafuta akeake. Ipse mpaka mkati, pasaoneke pofiira. Mafuta akaculuka atsanuleko, ndipo m'otsalawo akazinge anyezi mmodzi ndi matimati 3. Izi azithire mu nyemba zitafewa kale, popeza matimati akalowa msanga nyemba zimacedwa kupsa. Aonjezere kandolo kapena dzungu lodula-dula ndi madzi okwanira, ziphike kwa mphindi 20. Kuti supu ilimbe, atape kapu imodzi ya nyembazo, azinyenye ndi mthiko ndi kuzibwezera. Repu alowe pothera, kwa mphindi 5 cabe.

Pamenepa ndi pamene ambiri amaphonya. Dzanja limathamangira ku mcere cifukwa ca cizolowezi, ena n'kuonjezeranso timibulu tokometsera ndiwo ta m'sitolo, timene tadzaza ndi mcere. Wophika alawe coyamba. Kawiri-kawiri mcere wa mu soseji umakhala wakwanira kale. Adyo, tsabola pang'ono kapena madzi a ndimu zimakometsa popanda kukweza BP. Ndimu ndi matimati zimathandizanso thupi kutenga zoonjezera magazi za mu nyemba, pamene tiyi womwera pa cakudya amazitsekereza.

Pogawa, mwana asapatsidwe msuzi wokha pamene zolimba zapita ku mbale ya atate. Msuzi sukulitsa mwana. Wa miyezi 6 kupita m'tsogolo apatulidwe nyemba zake soseji isanalowe, azinyenyeredwe bwino, ndipo apitirize kuyamwa. Ana aang'ono asapatsidwe soseji yodula mozungulira, pakuti imatsamwitsa. Odwala BP kapena mtima adye nyemba ndi ndiwo zamasamba, soseji asiyire ena.

Soseji igulidwe tsiku lomwelo, pa malo aukhondo. Malaiti akazima nthawi yaitali, firiji siiteteza nyama. Soseji yoterera kapena yosintha fungo itayidwe, ngakhale ndalama ziwawe. Supu yotsala ibwatitsidwenso bwino-bwino isanadyedwe.

Cenjezo lina ndi la mbaula. Popeza nyemba zimatenga nthawi ndipo kunja kwazizira, ena amalowetsa mbaula m'nyumba, natseka citseko ndi mawindo. Malasha amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi mutu, cizungulire ndi nseru, kenaka tulo tosadzuka. Mphika uphikidwe panja kapena popita mphepo, ndipo mbaula isagone m'nyumba. Wina akapezeka atafooka, atulutsidwe panja msanga ndi kuthamangira naye ku cipatala.

Banja lophika supu imeneyi kamodzi pa mlungu, nyemba zambiri, masamba ambiri, soseji pang'ono, lidzadutsa June ndi July lili lokhuta ndi lofunda. Masiku ena nyemba zomwezo ziphikidwe ndi nsinjiro kapena tomato cabe, mlendo uja atapita kwao. Ndipo bambo kapena mai amene papita caka asanapimitse BP apite ku kiliniki mwezi uno. Kupima sikutenga ndi mphindi 5 zomwe.