Wophunzira Kunja Asabwere ndi Setifiketi Yokha

Mwezi uno ticheze za ana athu amene amapita kukaphunzira ku maiko akutali. Ambiri akabwerako amasimba za kuzizira ndi za mitengo ya zovala m'masitolo, koma ukawafunsa za mbiri ya eni dzikolo amangokanda m'mutu. Inenso ndikadakhala mmodzi wa iwo. M'chaka cha 2006, ndili ku London pa maphunziro a uphunzitsi a miyezi yoŵerengeka, ndinkangobindikira m'chipinda Loŵeruka lililonse poopa kuononga ndalama, kufikira mnzanga wina wa ku Ghana anandidziŵitsa kuti nyumba zazikulu za boma zosungiramo zinthu zakale amaloŵamo ulere.

Tinayamba ndi National Gallery, imene ili pa bwalo la Trafalgar Square. Nyumbayi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1824, ndipo imasunga zithunzi zojambula pamanja zoposa 2,300. Poyamba ndinkathamanga chipinda ndi chipinda ngati mbuzi yoloŵa m'dimba, ndipo ngakhale maluŵa a mpendadzuŵa amene Vincent van Gogh anajambula mu 1888 ndinangowaponyera diso. Mnzangayo anandiimitsa pa chithunzi cha Hans Holbein cha mu 1533, choonetsa amuna aŵiri olemekezeka a ku France ataima pakati pa mabuku ndi zida zoyezera nyenyezi. Pansi pa mapazi ao pali chinthu chopendekeka chosadziŵika bwino. Nditasunthira kumbali ya kudzanja lamanja, ndinaona kuti chinali chigaza cha munthu. Mmisiriyo anabisa imfa pamaso pa anthu ophunzira ndi achuma, kuti aione yekhayo wofatsa. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Loŵeruka lotsatira tinapita ku Imperial War Museum, tsidya la mtsinje wa Thames ku Lambeth. Inayambitsidwa mu 1917, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ili mkati, ndipo pakhomo pake pali mizinga iŵiri ikuluikulu yochotsedwa pa zombo zankhondo. Ndinaona ndege, akasinja ndi makalata a asilikali, koma chimene chinandikhalitsa pansi chinali chithunzi cha John Singer Sargent cha mu 1919, chotalika mamita 6 m'litali mwake. Chikuonetsa asilikali ovulazidwa maso ndi mpweya wapoizoni mu 1918, atamangidwa nsalu kumaso, akuyenda pamzere, aliyense atagwira phewa la mnzake wakutsogolo. Chapatali, anzao akumenya mpira.

Pamenepo ndinakumbukira agogo anga aamuna. Iwo anali msilikali wa Keyala, gulu la King's African Rifles limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Madzulo ankafuna kutisimbira za nkhalango ndi mvula ya kumeneko, koma ife tinkathaŵira kumaseŵera. Pa chipilala cha asilikali ku Zomba ndinadutsapo kambirimbiri osaima kuti ndiŵerenge maina. Ndinachita kuoloka nyanja kuti ndimve njala ya nkhani imene ndinaikana pakhonde pathu, agogowo atagona kale m'manda. Mau a akulu akoma akagonera.

Tsono inu amene mukukonzekera ulendo, mverani. Funsani masiku ndi nthaŵi zotsegulira musananyamuke. Tengani kope ndi pensulo, sankhani zinthu zitatu zokha pa tsiku, muŵerenge mau olembedwa pambali pake, ndi kulemba chimene mwaona. Kujambula ndi foni sikuloŵa m'malo mwa kuyang'anitsitsa. M'nyumba za nkhondo muzidzifunsanso kuti akusimba nkhaniyi ndani, nanga amene sanatchulidwe ndani. Pakuti amtengatenga athu, amene anasenza katundu wa asilikali mu nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ambiri a iwo nafera m'njira, samveka kaŵirikaŵiri.

Inunso makolo, mwana akaimba foni musangofunsa za ndalama ndi mayeso. Mfunseni chimene waona sabata imeneyo. Ndipo ngati pakhomo panu pali nkhalamba, atumeni ana akhale nayo pamphasa ndi kope m'manja, isanapite ndi nkhani zake.